Macheka a Bambo M'manja mwa Amayi

Fungo la thabwa la paini longodulidwa kumene limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ku Zengeza 2, m'tauni ya Chitungwiza, chaka chimene ndinali mu giredi 7. Ndi fungo la utomoni, lotsekemera pang'ono, koma mano a macheka akabuntha limasanduka lowawa ngati chinthu chikupserera. Kuseri kumeneko bambo anga, amene anali kalipentala, anamanga chisakasa cha malata akale pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa simenti. Pansi pake utuchi unkafika m'akakolo. Nkhuku za anzathu oyandikana nawo zinkabwera kudzapalasa mmenemo, ndipo ine utuchiwo ndinkaupeza m'tsitsi, m'masokosi, ngakhale pakati pa masamba a makope anga.

M'nyumba tinalipo atatu: bambo, amayi, ndi ine Tiyamike. Agogo anga aamuna onse awiri anachoka ku Ntcheu ali anyamata kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, choncho makolo anga onse anabadwira kuno. Iwo ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chishona ngati ana onse a mumsewu mwathu. Amayi ankagulitsa tomato ndi masamba pamsika wa ku Chikwanha, pafupi ndi poimira makombi, maminibasi a kuno. Inali nthawi ya madola a ku America, aja ankafika m'manja ali akuda ndiponso ofewa ngati sanza, ndipo m'sitolo chenji ankakupatsa maswiti. Anthu anali atayambanso kufuna mabedi ndi makabati. Ntchito itachuluka, bambo anagula macheka amagetsi ogwira pamanja kwa munthu wina amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Anali obiriwira, olemera ngati mwana wa miyezi iwiri, okhala ndi mpeni wozungulira wa mano ambiri. Kunsi kwa mpeniwo kunali chotchinga chachitsulo chimene chinkatseguka chokha macheka akamalowa m'thabwa, n'kudzitsekanso akatuluka.

Vuto linali magetsi. Ankabwera osapangana ndi munthu, n'kuchokanso osatsanzika. Firiji ya kwa oyandikana nafe ikangoyamba kung'ung'udza, bambo ankasiya tiyi pakati n'kuthamangira kuseri. Ankadula mwaphuma, akudziwa kuti nthawi iliyonse machekawo angakhale chete. Chotchinga chija ankati chimawachedwetsa, ndiye anachikokera m'mwamba n'kuchimanga ndi waya. Kuyambira pamenepo mpeni unkakhala pamtunda. Ine ndinkauona ukunyezimira ndikamadutsa, koma sindinkaganizapo kanthu. Ndinkangodziwa kuti bambo anga amadziwa ntchito yawo.

Chakumapeto kwa Meyi, kutangoyamba kuzizira, mpingo wina wa ku Zengeza 1 unawapatsa ntchito yopanga mabenchi makumi awiri a msonkhano waukulu wa mu Ogasiti. Lole inatula matabwa pakhomo, ndipo mulu wake unatseka zenera la kuchipinda kwanga. Loweruka lotsatira, m'mawa, ndinali kutsuka mbale pakhomo la kukhitchini pamene magetsi anabwera. Ndinamva macheka akulira monga mwa masiku onse. Kenako kulirako kunatsika, ngati galimoto yokwera chitunda, n'kumveka phokoso louma la chinthu chodumpha. Bambo sanakuwe. Anangoitana dzina langa kamodzi, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Nditafika, ndinawapeza atagwada, atapanira dzanja lamanzere m'khwapa, malaya onse ofiira. Macheka anali pansi m'mbuyo mwawo, mpeni ukumaliza kuzungulira mu utuchi.

Kuchipatala anakhalako masiku angapo. Anabwera opanda zala ziwiri, ndipo chala chachikulu chinali chosokedwa, chosapindika. Ankakhala pampando kutsogolo kwa nyumba, pamene dzuwa limayambira, dzanja lokulungidwa lili pachifuwa. Anthu odutsa akapereka moni ankayankha mwachidule. Kuseri sanapiteko. Utuchi wamagazi uja amayi anaukolopola ndi fosholo n'kukautaya, koma ine ndinkadziwa pamene unali, ndipo popita kuchimbudzi ndinkazungulira njira ina. Macheka anawaika pansi pa bedi, atakulungidwa m'saka.

Patapita milungu iwiri kunabwera a Yohane, mng'ono wa bambo, amene ankagwira ntchito pa famu ina kutali ndi tauni. Anadya, anasamba m'manja, kenako anayamba nkhani imene anabwerera. Anati machekawo agulitsidwe, matabwa abwezedwe kumpingo, ndipo tonse tipite kukakhala nawo kufamu mpaka dzanja litapola. Ine ndinali m'chipinda, chitseko chili chotseguka pang'ono. Kufamuko ndinkakudziwa. Sukulu inali kutali, ndipo atsikana a msinkhu wanga ambiri ankathera m'mashedi osankhira fodya. Mayeso anga a giredi 7 anali atatsala miyezi yochepa. Bambo anangoyang'ana pansi.

"Alamu, zikomo chifukwa cha mtima wanu," anatero amayi. "Koma matabwa aja sabwerera. Mabenchi apangidwa pakhomo pano."

"Apanga ndani, alamu?" anafunsa a Yohane.

"Manja alipo atatu m'nyumba muno. Awiri ndi anga."

A Yohane anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala. Bambo sanaseke. A Yohane atapita, ndinamva bambo akuuza amayi kuti chinthu chimene chadya zala za munthu wa zaka makumi awiri pa ntchito sichingamvere chisoni mzimayi wogulitsa tomato, ndipo iwo saphunzitsa munthu. Amayi sanatsutse. M'mawa mwake anapereka tebulo lawo la ku Chikwanha kwa mnzawo kuti aziwagulitsira, anavala ovolosi ya bambo n'kupinda miyendo yake, anamanga duku molimba, n'kutulutsa macheka pansi pa bedi. Magetsi kunalibe tsiku limenelo. Anakonza zinthu monga ankaonera amuna awo akuchitira: anaika timabenchi tiwiri motalikirana, anagoneka thabwa kuti nsonga imodzi ikhale pa kabenchi aka, ina pa kabenchi ako, n'kuika macheka pakati. Dzanja lamanzere analiika pathabwa, kumbuyo kwa mpeni.

Bambo anali ataima pangodya ya nyumba. Sindikudziwa kuti anaimapo nthawi yaitali bwanji. Anabwera pang'onopang'ono, anagwira dzanja la amayi n'kulichotsa pathabwa. Kenako anatenga pulaya, anapanira macheka ndi bondo, n'kuyamba kumasula waya uja ndi dzanja limodzi. Inawatengera nthawi. Waya atachoka, chotchinga chinatsika n'kuphimba mano onse. Anachikoka, anachisiya, chinadzitseka. Anachikokanso kangapo, akumvetsera. "Ichi osadzachimanganso, Nabanda," anatero, akuwatchula mfunda wawo, zimene ankachita pokhapokha pa nkhani yaikulu. "Ngakhale kunja kukuda, ngakhale mwini ntchito waima pageti."

Umu ndi mmene maphunziro anayambira, ndipo kwa mlungu wathunthu anachitika ndi macheka osalumikiza. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza kuseri, mphepo ya Juni ikuulutsa utuchi, amayi milomo itang'ambika ndi chisanu. Bambo ankalankhula mwaukali, mawu aafupiafupi. Mpeni usatsike kwambiri: utuluke kunsi kwa thabwa pang'ono chabe, osapitirira dzino limodzi. Thabwa lipanidwe ndi kilampu, munthu asaligwire ndi dzanja. Lisalendewere pakati pamene mukudulapo. Manja onse awiri akhale pa zogwirira za macheka. Thupi likhale pambali, osati kumbuyo kwa mzere wodulapo. Chingwe chamagetsi chidutse paphewa, chikhale kumbuyo. Macheka ayambe kaye kulira mokwanira asanakhudze thabwa. Akalimba pakati, chotsani chala pa swichi, dikirani mpeni uime, ndiye muwatulutse. Magetsi akazima muli pakati, zulani pulagi musanachite china chilichonse, chifukwa amabwerera osagogoda. Amayi ankakankha macheka osalirawo pamzere wa pensulo, kubwerera, kukankhanso. Phazi likangolowa kumbuyo kwa mzere, bambo ankaligogoda ndi kamtengo. Ine ndinkawakwiyira. Ndinkaona ngati akuwazunza dala kuti atope asiye.

Koma chimene chinkandivuta kwambiri chinali china. M'kalasi aphunzitsi akamalemba masamu pabolodi, ine ndinkaona malaya ofiira aja, koma atavala amayi. Kufamu sindinkakufuna, komabe ndinafika poona kuti kuli bwino kufamu amayi ali ndi zala zawo zonse. Lachisanu madzulo ndinamva bambo akunena kuti magetsi akangobwera, amayi adula thabwa lawo loyamba. Loweruka m'mawa, amayi atapita kukagula buledi ndipo bambo akusamba, ndinakoka macheka pansi pa bedi. Pakona pa khitchini panali mgolo waukulu wabuluu wosungiramo madzi. M'mipopi munali mouma kwa masiku ambiri, ndipo mgolowo unali wouma gwa. Ndinatsitsiramo macheka ndi saka lake, ndinavundikira, n'kusanjika zidebe pamwamba.

Magetsi anabwera cha m'ma 9 koloko ndipo anakhala mpaka masana, chinthu chimene chinali chisanachitike mwezi wonse. Mumsewu monse mawailesi analira, owotcherera zitsulo kuseri kwathu anayamba kuthwanimitsa moto wawo. Kwathu tinali kufunafuna. Amayi anatulutsa matiresi, anatsegula masutikesi, anasuntha mulu wa matabwa limodzilimodzi. Inenso ndinkanamizira kufuna nawo. Bambo, amene anali asanatuluke pageti chichokereni kuchipatala, anayenda mumsewu wonse akufunsa nyumba ndi nyumba ngati wina anaona munthu wachilendo. Anabwera atatuwa milomo, bandeji itada ndi fumbi. Magetsi atazima, amayi anakhala pa sitepe n'kuyang'ana matabwa aja. Kenako anadzuka. Anati kulira sikuphika ndiwo, n'kundipatsa chidebe kuti tikatunge madzi kumjigo.

Mzere wa kumjigo unali wautali, ndipo tinabwerako dzuwa litapendeka. Amayi anatula chidebe chawo, anachotsa zidebe zina pamwamba pa mgolo, anakankha chivundikiro osayang'ana m'kati, n'kukweza chidebe kuti akhuthule. Ndinawagwira mkono ndi manja awiri. Madzi anatayikira pa miyendo yathu. Anandiyang'ana, kenako anasuzumira mu mgolo.

Ndinayembekeza mbama. Amayi anaika chidebe pansi, anatulutsa macheka, anaona ngati sananyowe, n'kuwaika patebulo.

"Walakwa kwambiri, Tiya," anatero. "Tsiku lonse la magetsi lapita, ndipo bambo ako ayenda mumsewu akukayikira anthu osalakwa. Mawa upita nawo nyumba zonsezo ukapepese. Tsopano ndiuze chifukwa chake."

Ndinayesa kuyankha m'Chishona koma mawu anakana. Amene anatuluka anali Achichewa, osweka, ngati a mwana wa zaka zisanu. "Akudyani nanunso, amayi. Ine nditsala ndi ndani?"

Bambo anali pakhomo ndipo anamva. Anatembenuka n'kupita kuseri. Amayi anapukuta manja awo pa ovolosi, anatenga mzimbe umene anagula m'njira ndi mpeni wakukhitchini, n'kundiuza kuti ndibweretse njerwa ziwiri panja. Anagoneka mzimbewo panjerwa, nsonga iyi apa, inayo apo, pakati pali lende. Anayamba kudula pakatipo n'kundiuza kuti nditsindike pang'ono ndi chala. Mzimbe unawerama, mpata wodulidwawo unatsekeka n'kuluma mpeni. Ndinayesa kuusuntha mpeniwo, koma unali utagwidwa.

"Waona? Mpeni uwu ulibe mphamvu, ndiye wangoima," anatero. "Wa macheka suima. Thabwa likauluma chonchi, mano ake amakwera pamwamba pa thabwa, macheka onse n'kuthamangira kumbuyo, kumene kuli iwe. Bambo ako amati kumenya theche. Si mfiti, si tsoka. Pali chimene chimayambitsa."

Kenako anasendeza njerwa zonse mbali imodzi, nsonga ya mzimbe n'kutsala panja yopanda chochirikiza. Atadula pamenepo, mpata unatseguka wokha, chidutswa chinagwa pansi, mpeni unadutsa bwinobwino. Anandipatsa chidutswacho kuti ndidye. Anandiuza kuti sangandilonjeze kuti macheka sadzadumpha, koma akundilonjeza kuti tsiku limene adzadumphe adzapeza iwo ataima pamene sangawafike. Anatinso ngati ndikuopa ndisamatseke makutu m'chipinda, koma ndizikhala pa sitepe ya kukhitchini ndi mabuku anga, ndiziona ndi maso anga. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinayenda ndi bambo nyumba ndi nyumba. Ndinapepesa paliponse, nkhope ikutentha. Bambo sanandikalipire. Pobwerera anandigwira paphewa ndi dzanja lawo labwino mpaka pageti.

Thabwa loyamba amayi analidula Lachitatu masana, ine nditangofika kuchokera kusukulu. Anavala magalasi oteteza maso, anayendetsa chala pathabwa kufuna misomali ndi mfundo, anayesa chotchinga kawiri, analumikiza pulagi. Macheka atalira, ndinakhalabe pa sitepe, buku lili chitsegukire pamiyendo. Anadikira kuti kulirako kukhazikike, n'kukankha pang'onopang'ono. Utuchi unawaza pa ovolosi. Chidutswa chinagwa, chotchinga chinadzitseka, iwo anaimabe pomwepo mpaka mpeni unaima. Bambo anatola chidutswacho n'kuchiyang'ana. Anati chakhota pang'ono, adulenso china.

Julayi yense anapita chomwecho. M'mawa kunkazizira mpaka madzi a m'beseni kuluma zala, ndipo utsi wa nkhuni za anthu ophikira panja unkakhala pamwamba pa nyumba mpaka dzuwa litakwera. Masiku opanda magetsi amayi ankayeza ndi kulemba mizere pa matabwa onse, kuti magetsi akabwera pasakhale chifukwa chothamangira. Ankapala, ankakhoma, ankakwecha ndi sandipepa. Bambo anaphunzira kugwira sikweya yoyezera ngodya ndi chikhatho chopolacho, ndipo madzulo ankachotsa mpeni, pulagi ili m'thumba mwawo, n'kumatsuka utomoni m'mano ake ndi palafini. Mpeni utabuntha, amayi anakana kudulira mpaka anakanoletsa. Azimayi ena ankasuzumira pampanda. Ena ankaseka kuti mai Tiya asanduka mwamuna, ena ankangoima chete n'kumaonerera. Mkulu wa mpingo uja anabwera kamodzi, nkhope ili ndi nkhawa. Anakhala pa benchi yoyamba, anaigwedeza, anadzuka, anakhalaponso. Anachoka osanena zotenga matabwa.

Manja a amayi anasintha. Anachita matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panabwera zikang'a. Usana wina ndinawaona akulephera kutsegula botolo la mafuta chifukwa zala zinali zitauma. Koma sindinawamve akudandaula. Magetsi akazima ali pakati pa thabwa, ankachotsa chala pa swichi, kupita kukhoma, kuzula pulagi, ndiye n'kubwerera kudzatulutsa macheka. Ankachita zimenezi nthawi zonse, ngakhale pamene aliyense ankadziwa kuti magetsiwo sabweranso mpaka mawa. Ine ndinazolowera kuwerenga m'phokoso. Ndinafika podziwa kulira kwa macheka okhuta ntchito yawo ndi kulira kwa macheka amene akukakamizidwa.

N'chifukwa chake tsiku lija ndinamva msanga. Munali mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, mabenchi atatsala anayi. Amayi ankang'amba thabwa lalitali m'litali mwake kuti apeze timatabwa tochirikiza miyendo. Linali thabwa la pansi penipeni pa mulu. Podula motero ankakhomera kachidutswa kosongoka mumpata wa kumbuyo kuti usatsekeke, koma tsikulo kachidutswako kanagwa ndi kunjenjemera kwa thabwa, iwo osaona. Kulira kunatsika. Ndinadzutsa mutu. Ndinaona chala chawo chikuchoka pa swichi, koma mpeni unali utalumidwa kale. Macheka anatumphuka m'thabwa n'kuthamangira kumbuyo, mikono ya amayi n'kukokeka nawo. Anadutsa pambali pa ntchafu yawo yakumanja, pamalo opanda munthu. Ndinamva chotchinga chikudzitseka, khwa. Amayi anadzandira phazi limodzi, koma manja onse awiri anali akadali pa zogwirira.

Palibe anakuwa. Bambo anali ataimirira, sikweya itagwa pansi, pakamwa pali potseguka. Amayi anadikira mpeni uime, anaika macheka pansi, anapita kukazula pulagi. Kenako anakhala mu utuchi momwemo, miyendo itatambasuka, n'kuchotsa magalasi. Ndinathamanga n'kuyamba kuwagwiragwira ntchafu, mikono, zala. Ovolosi inali yosang'ambika. Ndinawerenga zala zawo kawiri. Anandilola, akupuma mwamphamvu.

"Basi, Nabanda," anatero bambo. "Anayi otsalawo tidula ndi macheka apamanja. Ngakhale titachedwa."

Amayi anadzuka, anapita pathabwa lija n'kuliyang'ana. Pamwamba pake panali chilonda chachitali pamene mano anadutsa pobwerera. Anayesa kulowetsa chikhadabo mumpata wodulidwa, koma unali utatsekeka ndithu. Ananunkhiza utuchi wake, n'kuufinya m'manja. Unagwirana ngati ufa wonyowa.

"Ndi lonyowa m'kati," anatero. "Ndinamva polinyamula kuti likulemera, koma ndinati ndingomaliza. Kulakwa n'kwanga. Ili lipite padzuwa." Anatembenukira kwa bambo. "Munandiuza poima, bambo a Tiya, ndipo ndinaima pomwepo. Tiya, ndipatse madzi akumwa."

Anamwa, anapuma kanthawi. Kenako anasankha thabwa lina, analinyamula kuyesa kulemera kwake, analipana, anasema tizidutswa tiwiri tosongoka m'malo mwa kamodzi. Anayang'ana mano a mpeni limodzilimodzi ngati pali lothyoka. Atalumikiza pulagi anandiyang'ana, ndipo ine ndinabwerera pa sitepe ndekha. Ndinatola buku langa, koma sindinawerenge. Ndinayang'ana mpeni ukuyenda kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, amayi akuima pakati kuti akhomere kachidutswa, n'kupitirizanso.

Mabenchi anatha kutatsala masiku atatu kuti msonkhano uyambe. Tinawasanja panja kuti vanishi aume, ndipo anadzaza bwalo lonse mpaka pageti. Ana a mumsewu anakhalapo asanaume bwino, n'kuchoka makabudula atamatirira. Anyamata a kumpingo anabwera ndi ngolo zokankha, anachita maulendo angapo kupita ku Zengeza 1. Amayi anaperekeza ulendo womaliza atavala chitenje chawo chatsopano, utuchi udakali m'nsidze. Pobwera anali ndi ntchito ina kale, ya mzimayi amene ankafuna shelefu ya m'sitolo yake. Kufamu sitinapite. Ndinalemba mayeso anga kutentha kutayamba, ndipo chaka chotsatira ndinayamba fomu 1 komweko ku Chitungwiza. Makolo anga anagwira ntchito limodzi m'chisakasa chija zaka zambiri, amayi akudula, bambo akuyeza ndi kumalizitsa.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti amayi anga ndi munthu wopanda mantha, ndiponso kuti bambo anali ankhanza pophunzitsa chifukwa chowawidwa mtima kuti mkazi wawalanda ntchito. Ndinakhala ndi maganizo amenewa mpaka nditakula. Bambo atamwalira, tsiku lina tikusankha zipangizo zawo, ndinafunsa amayi kuti mantha a macheka anawathera liti. Anandiyang'ana modabwa. Anati sanathe. Anati m'chisanu chija, firiji ya anzathu ikangoyamba kulira, nthawi zina ankapita kaye kuchimbudzi kukasanza asanavale magalasi. Ankaonetsetsa kuti ine ndisaone.

Za bambo anandiuza chimene sindikanachidziwa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Lamulo lililonse limene ankalinena mwaukali lija linali chinthu chimene iwo eni anachiphwanya m'mawa wa ngozi: waya pa chotchinga, thabwa lolendewera pakati, mpeni wotsika kwambiri, dzanja kumbuyo, phuma. Munthu wa zaka makumi awiri pa ntchito anaima pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake, tsiku ndi tsiku, n'kumatchula zolakwa zake chimodzichimodzi kuti zisachitikenso pakhomo pake. Ine ndili pa sitepe ndinkamva ukali wokha. Amayi ankamva zonse, ndipo n'chifukwa chake sanawayankhepo mokweza ngakhale tsiku limodzi.